KANSOMBA KAMENE KANASOKONEZA AKATSWIRI

Mvula imene igwa m'mapiri a ku Mpanshya itsikira ku Luangwa, nilowa m'Zambezi pa Feira, nipitirira Tete ndi Sena kufikira kunyanja ya mcere. Kunsi kumeneko, ndiponso m'cigwa ca Shire, mukhala tinsomba tina togona pa mcenga, totchedwa goby m'Cingelezi. Mbiri ya maina a tinsomba timeneti ndi yaitali.

Goby sabvuta kumzindikira. Zipsepse zace ziwiri za kumimba zinalumikizana nizikhala ngati kambale, ndipo ndi kambaleko amamatira pa mwala kuti madzi asamkokolole. Pamsana ali ndi zipsepse ziwiri, ndipo maso ace ali pamwamba pa mutu. Cobvuta ndico kulekanitsa mtundu ndi unzace.

Mu 1822 sing'anga wa ku Scotland, Francis Hamilton, analemba buku la nsomba za mu mtsinje wa Ganges ku India, natcha mtundu umodzi Gobius giuris. Pambuyo pace Mjeremani, Wilhelm Peters, anayenda zaka zingapo m'dziko la Mozambique nasonkhanitsa nsomba za m'Zambezi, ndipo mu 1852 anatcha mtundu wina aeneofuscus. Mu 1859 Theodore Gill wa ku America anapatula gulu la a goby a lilime logawika kunsonga, nalitcha Glossogobius, ndiko kunena goby wa lilime. Giuris uja analowa m'gulu limeneli.

Tsono mu 1937 J. L. B. Smith wa ku Grahamstown anati m'mitsinje ya kumwera muli mtundu wina waung'ono, nautcha callidus. Anzace ambiri sanabvomere. Iwo anati kameneko ndi kamwana cabe ka giuris, ndipo zaka zambiri mitundu iwiriyi inalembedwa ndi dzina limodzi. Mlandu unatha pamene akatswiri anayang'anitsitsa mamba a pakhosi ndi mizere ya timatuza ta pa tsaya, timene nsombayi imamvera kugwedezeka kwa madzi. Anapeza kuti zisiyana ndithu. Callidus ndi wamng'ono, pamene giuris akula kuposa phazi limodzi. Smith sananame.

Kapena wina wa ku migodi afunsa kuti, kansomba kosakwana ndiwo, kubvutikiranji nako? Yankho ndi ili: mitundu iwiri ikabisala m'dzina limodzi, umodzi ukhoza kutha osadziwika. Zambezi wa lero sali monga anamuona Peters, pakuti khoma la Kariba linatseka madzi mu 1958, ndi la Cahora Bassa mu 1974. Pofuna kudziwa cimene makomawa anacita kwa nsomba, munthu ayenera kuyamba wadziwa nsomba zimene zinalimo, iri yonse ndi dzina lace.