Nsomba za m'Khola ndi Mafuta a pa Madzi

Dzuŵa likamatuluka ku Area 36, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, amayi a geni amakhala atayala kale nsomba zao pa mabenchi. Pali milu ya usipa, utaka ndi bonya zochokera ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo m'timasitolo tokhala ndi firiji mumapezeka karapao wochokera ku nyanja ya mchere. Chambo chimaoneka mwa apo ndi apo, ndipo mtengo wake umabweza ambiri. Mayi wogula ndiwo saganiza za sitima za pamadzi kapena za makampani okumba mafuta, komatu mbale yake ya nsima imadalira mbiri ziŵiri zimene zakhala zikuyenda pamodzi kwa zaka zambiri. Yoyamba ndi mbiri ya kuŵeta nsomba. Yachiŵiri ndi mbiri ya mafuta otayikira m'madzi.

Kuŵeta nsomba si nzeru ya dzulo. Anthu a ku China adayamba kusunga nsomba m'maiŵe zaka zoposa 2,000 zapitazo. Koma kuŵeta nsomba za m'nyanja ya mchere mochuluka kudabwera mochedwa. Ku Japan kudayamba m'chaka cha 1927. Ku Norway, m'chaka cha 1970, abale aŵiri a banja la Grøntvedt adaika ana a nsomba zotchedwa salmon m'khola la ukonde loyandama pafupi ndi chilumba cha Hitra. Nsombazo zidakula bwino, ndipo njirayo idafalikira ku Scotland, ku Chile ndi ku Canada. Khola lotere ndi thumba lalikulu la ukonde lolendeŵera pa mkombero woyandama. Madzi amaloŵa ndi kutuluka okha, mlimi amathira chakudya, ndipo nsomba zikakula amazivuula monga momwe mlimi wa kumtunda amakololera chimanga. Bungwe la FAO lidalengeza kuti m'chaka cha 2022, kwa nthaŵi yoyamba m'mbiri, nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi zoŵetedwa zidaposa zogwidwa ndi asodzi pa dziko lonse.

Kuno ku Malaŵi mbiriyi idayamba m'chaka cha 1906, pamene Azungu adabweretsa nsomba zotchedwa trout m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba. Cholinga chao chidali kuŵedza kosangalatsa mtima, osati kudyetsa anthu. Ulimi wa nsomba za dziko lino udayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo udalimba pamene Boma lidatsegula malo a kafukufuku ku Domasi m'chaka cha 1957. Kumeneko akatswiri adayesa makumba ndi chilunguni, ndipo alimi adayamba kutenga mbeu ya nsomba kukaika m'maiŵe ao. Pambuyo pake sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene ili kummwera kwa Area 36, idakumba maiŵe ake ndi kuyamba kuphunzitsa ophunzira za ulimi umenewu.

M'chaka cha 1976 kudabwera nsomba yachilendo yotchedwa carp kuchokera ku Israel. Inkakula msanga ndipo alimi adaikonda, koma pofika m'chaka cha 1992 Boma lidailetsa poopa kuti ikathaŵira m'Nyanja ya Malaŵi idzasokoneza nsomba zachilengedwe. Chigamulo chimenechi nchofunika kuchikumbukira. Dziko lidalolera kutaya phindu loonekeratu pofuna kuteteza nyanja.

M'zaka zomwezo chambo chidayamba kusoŵa. Pa Nyanja ya Malombe, pamene kale asodzi ankadzaza mabwato, makoka a maso ang'onoang'ono adakokolola ndi ana omwe, ndipo adasalaza zisa za pansi pa madzi. Pofika m'zaka za m'ma 1990 chambo cha ku Malombe chidali chitatsala pang'ono kutheratu, ndipo kummwera kwa Nyanja ya Malaŵi nakonso chidachepa. Ichi nchimene chidachititsa kuti m'chaka cha 2004 kampani ya Maldeco iyambe kuŵeta nsomba m'makola oyandama ku Mangochi. Nzeru ya ku Hitra idafika motero pa madzi opanda mchere a dziko lino.

Tsono pamene anthu ankaphunzira kutsekera nsomba m'makola, sitima zonyamula mafuta nazo zinkakulirakulira. M'mwezi wa Malichi 1967 sitima ya Torrey Canyon idagunda miyala kufupi ndi Cornwall ku England, ndipo mafuta okwana matani pafupifupi 119,000 adatayikira m'nyanja. Mankhwala amene adathira pofuna kusungunula mafutawo adapha zamoyo za m'mphepete mwa nyanja koposa mafuta eni akewo. M'chaka cha 1978 sitima ya Amoco Cadiz idasweka ku gombe la Brittany ku France ndi matani oposa 220,000. M'chaka cha 1989 Exxon Valdez idataya matani 37,000 ku Alaska. Ngakhale mafuta aŵa adali ochepa poyerekeza ndi enawo, ena mwa iwo adapezekabe pansi pa miyala ya pagombe patapita zaka zoposa 20.

Ngozi zotere sizidachitike kutali kokhakokha. M'mwezi wa Epulo 1992 sitima ya Katina P idaonongeka kufupi ndi Maputo ku Mozambique itanyamula matani oposa 60,000 a mafuta olemera. Mafutawo adadetsa gombe ndi nkhalango za m'madzi momwe nsomba zimaswanirana, ndipo asodzi ang'onoang'ono a kumeneko adasoŵa pogwira.

Kodi mafuta amaichita chiyani nsomba? Akatayika amayandama ndi kufalikira pamwamba pa madzi. Gaŵo lopepuka limauluka ndi mpweya, gaŵo lina limasungunuka m'madzi, ndipo gaŵo lolemera limasakanikirana ndi mchenga nkumira pansi, pomwe limakhala zaka. Nsomba yaikulu ya m'nyanja kaŵirikaŵiri imamva fungo nithaŵa. Mazira ndi ana sathaŵa. Chitsime cha Deepwater Horizon chitaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico m'mwezi wa Epulo 2010, nkupha anthu 11 ndi kulavula mafuta kwa masiku 87, akatswiri adaonetsa kuti ululu wa m'mafuta, ngakhale wochepa kwambiri, umalemaza mtima wa kansomba kakadali m'dzira. Choncho tsoka silioneka tsiku lomwelo. Limadzaoneka patapita chaka kapena ziŵiri, pamene nsomba zimene zikadakula sizipezeka m'khoka.

Nsomba ya m'khola ndiyo ili pa msampha weniweni, pakuti ukonde umene umaisunga ndi womwenso umaikaniza kuthaŵa. Izi zidaoneka poyera m'mwezi wa Januwale 1993, pamene sitima ya Braer idagunda miyala ku zilumba za Shetland ku Scotland ndi matani 85,000. Namondwe adasakaniza mafutawo ndi madzi, ndipo adafika m'makola a salmon. Nsomba zambiri sizidafe, koma mnofu wake udamwa fungo la mafuta. Boma lidaletsa usodzi m'chigaŵo chonsecho, ndipo salmon za m'makola okhudzidwawo zidaphedwa ndi kutayidwa. Ngakhale alimi amene makola ao sadakhudzidwe adavutika kugulitsa, poti ogula adayamba kukayikira nsomba iliyonse ya dzina la Shetland. Akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe.

Mau ameneŵa adayamba kumveka ku Malaŵi m'chaka cha 2011, pamene Boma la Bingu wa Mutharika lidapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta kumpoto kwa nyanja. Chiyembekezo chidalipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene akatswiri a pa Duke University ya ku America adayeza pansi pa nyanja ndi kupeza matope akale okhuthala kwambiri, a mtundu umene nthaŵi zina umasunga mafuta. Dziko lidagaŵidwa m'zigaŵo 6 zofufuzamo, ndipo makampani ena adalandiranso zilolezo. M'chaka cha 2012 nkhaniyi idadzutsa mkangano wakale wa malire ndi Tanzania, wochokera pa pangano la Heligoland la m'chaka cha 1890. Bungwe la UNESCO, limene m'chaka cha 1984 lidaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse, nalonso lidadandaula. Kumapeto kwa chaka cha 2014 Boma lidaimitsa zilolezozo kuti liziunikenso, ndipo m'chaka cha 2016 lidachotsa chiletsocho. Komabe chitsime cha mafuta sichinakumbidwe pa nyanjayi.

Ofuna mafuta ali ndi mfundo yao. Dziko limataya ndalama zambiri zakunja pogula petulo ndi dizilo, ndipo anthu a ku Lilongwe amaidziŵa bwino mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta. Koma Nyanja ya Malaŵi siili ngati nyanja ya mchere. Ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo malo ena ndi yakuya mamita 700, koma khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Madzi ambiri amachoka mwa kuuma ndi dzuŵa, kusiya zonse zolemera m'mbuyo. Motero chimene chaloŵamo chingathe kukhalamo zaka mazana. Komanso kupyola mamita 250 kupita pansi kulibe mpweya, ndiye kuti nsomba zonse zimakhala m'madzi a pamwamba, momwe mafuta amayambira kufika. Chambo chimamanga chisa pa mchenga wa m'madzi osaya, ndipo chachikazi chimafungatira mazira ndi ana m'kamwa, nkukaŵalavula m'mabango a m'mphepete, kumene mphepo ya mwera ingakankhire mafuta. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere, ndipo yambiri siipezeka kwina kulikonse. Mtundu ukatha kuno watha pa dziko lonse.

Pali chinthu china chimene mbiri ya nyanja za mchere idaphunzitsa. Mafuta ambiri oloŵa m'madzi chifukwa cha anthu sachokera ku sitima zosweka zimene zimamveka pa wailesi. Amachokera kumtunda, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Makaniko wa pansi pa mtengo ku Biwi kapena ku Area 36 akakhuthulira oilo wakutha m'ngalande, mvula imamutengera ku mtsinje wa Lilongwe. Lilongwe amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima, kumene kumachokera usipa uja wa pa benchi. Oilo wotero akasungidwa m'chigubu sakafika kumeneko.

Anthu a ku Salima komweko ali ndi chitsanzo chao. Pa chilumba cha Mbenji, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba zapitirira kupezeka kumeneko pamene magombe ena adauma. Lamulolo lidagwira ntchito chifukwa lidaikidwa nsomba zisanathe. Khola likhoza kumangidwanso, ndipo dziŵe likhoza kuphwetsedwa nkudzazidwa madzi atsopano, koma nyanja ilibe wophwetsa, ndipo madzi akatayika saoleka. Tsiku limene nkhani ya zitsime idzabwerenso pa bwalo, msodzi wa ku Senga Bay, mlimi wa maiŵe wa ku Domasi ndi mayi wa geni wa ku Area 36 adzakhala ndi chifukwa chokwanira chofunsira kuti mafuta akadzatayika adzaaola ndani, ndi zipangizo ziti, ndiponso adzalipira ndani.