Kunyanyala sitolo za Target mu 2010

Kunyanyala sitolo za Target mu 2010 kunali chionetsero cha ogula a ku United States amene anasiya kugula katundu m'sitolo za kampaniyi chifukwa cha ndalama zimene inapereka pa ndale. Ndalamazo zinathandiza munthu wina wopikisana nawo pa chisankho amene ankatsutsa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Target ndi imodzi mwa makampani akuluakulu a sitolo m'dzikolo ndipo likulu lake lili mumzinda wa Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota.

Chiyambi cha nkhaniyi

Mu Januwale 2010, khoti lalikulu la dzikolo linagamula pa mlandu wa Citizens United kuti makampani ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito ndalama zawo pokopa anthu pa chisankho. Mu Julaye chaka chomwecho zinadziwika kuti Target yapereka madola 150,000 ku gulu la MN Forward, ndipo Best Buy yapereka madola 100,000. Gululi linkalipira mauthenga a pa TV ochemerera Tom Emmer wa chipani cha Republican, amene ankafuna mpando wa bwanamkubwa wa Minnesota. Nkhaniyi inaululika chifukwa aphungu a chigawocho anali atangokhazikitsa lamulo lokakamiza magulu otere kuulula amene awapatsa ndalama. Popanda lamulolo, ogula sakanadziwa woti amunyanyale.

Mkwiyo waukulu unagwera Target osati Best Buy. Kwa zaka zambiri Target inkadziwika kuti imasamalira bwino antchito ake a m'gulu la LGBT ndipo inkathandiza chikondwerero cha Twin Cities Pride, choncho makasitomala ambiri anaona ngati mnzawo wawadyera masuku pamutu. Bungwe la MoveOn.org linatsogolera kunyanyalako ndipo linasonkhanitsa mayina oposa 200,000 pa chikalata chodandaula.

Yankho la kampani

Mkulu wa Target, Gregg Steinhafel, poyamba ananena kuti kampaniyo inathandiza MN Forward chifukwa cha mfundo za misonkho ndi bizinesi basi. Kumayambiriro kwa Ogasiti anapepesa kwa antchito, koma ndalama sizinabwezedwe. Bungwe la Human Rights Campaign litapempha kuti ndalama zofanana zipite kwa andale a mbali inayo, Target inakana. Mu Febuluwale 2011 kampaniyo inakhazikitsa komiti yoti iziyamba yaunika ndalama zopita ku ndale, komabe mwezi wotsatira woimba Lady Gaga anathetsa mgwirizano wake ndi Target wogulitsa chimbale cha Born This Way.

Zotsatira

Ndalama zimene Target inapeza m'chaka cha 2010 zinaposa za 2009, kotero kunyanyalako kunaluma kwambiri mbiri ya kampaniyo kusiyana ndi thumba lake. Emmer anagonja ndi mavoti osakwana 9,000 kwa Mark Dayton, wochokera ku banja lomwe linayambitsa Target mu 1962. Dayton yemweyo ndiye anasaina lamulo lovomereza maukwatiwa ku Minnesota mu Meyi 2013, ndipo mu 2014 Target inauza khoti kuti ikugwirizana nawo.

Kuyerekeza ndi Malawi

Ku Malawi mkangano wa nkhaniyi umachitikira kwambiri m'makhoti ndi m'mipingo. Mu Meyi 2010, khoti la ku Blantyre linalamula Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga kukakhala kundende zaka 14, koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa ndime za Penal Code zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha. Kumbali ya ndalama za ndale, lamulo la Political Parties Act la 2018 limafuna kuti chipani chiulule kwa mlembi wa zipani mphatso yoyambira K1 miliyoni yochokera kwa munthu, ndi yoyambira K2 miliyoni yochokera ku kampani kapena bungwe.