Za Misonkho ya pa Nyumba ku Mangalande

Mmalawi amene wakhetsa thukuta zaka zambiri ku Mangalande, kaya m'chipatala kaya posamala nkhalamba, nasunga pang'onopang'ono kufikira atakwanitsa zogulira nyumba ku Leeds kapena ku Manchester, amaima mutu tsiku limene loya wake amuuza kuti nyumba ikapyola mtengo woikika pali gawo la boma, lotchedwa stamp duty, limene liyenera kuperekedwa asanathe masiku 14. Kwa eni kulibe mkuwe, apereka ndithu. Koma akadadziwa mbiri ya dzikolo akadaona kuti msonkhowu sanaukonzere iye mlendo, pakuti eni nthaka akhala akulimbana ndi mafumu ao pa nkhani yomweyi kwa zaka zoposa 300.

Boma limakonda nyumba chifukwa siithawa. Munthu angathe kubisa ndalama pansi pa mphasa, nasamutsa ng'ombe usiku, koma nyumba imaima pomwe anaimanga, poyera, kudikira wokhometsa. Motero m'chaka cha 1662, Mfumu Charles II atasowa chuma, Nyumba ya Malamulo inalamula kuti malo alionse osonkhapo moto m'nyumba azilipiridwa masheleni awiri pachaka, theka pa 25 Malichi, theka pa 29 Seputembala. Chimene chinawawa anthu sichinali ndalama yokha ai, koma kuti amisonkho, anthu osawadziwa n'komwe, analowa kufikira kuchipinda ndi kukhitchini kukawerenga mafuwa, kotero kuti William ndi Mary atalowa ufumu mu 1689 anauchotsa msanga msonkhowo kuti akondweretse anthu ao atsopano.

Koma nkhondo yolimbana ndi France inali kudya ndalama, ndipo anzeru a boma anafunafuna chinthu chimene munthu angachiwerenge ali chiimire pamseu, osagogoda pakhomo. Anapeza mazenera. Kuyambira 1696 nyumba iliyonse inalipira masheleni awiri, ndipo ya mazenera khumi kapena kuposa inaonjezerapo. Apa m'pamene nkhaniyi imandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni pamodzi: eni nyumba anatenga njerwa natseka mazenera ao, ndipo kufikira lero woyenda m'mizinda yakale ya kumeneko amaona pakhoma chizindikiro cha zenera, felemu yake ilipo bwino lomwe, koma pakati pali njerwa zokhazokha ngati diso lakhungu. Olemera anataya pang'ono. Amene anasauka nazo ndi amphawi obwereka zipinda m'nyumba zazikulu, amene anagona mumdima ndi m'fungo, matenda nafalikira pakati pao, kufikira madotolo atadandaula kwambiri msonkhowo unathetsedwa mu 1851.

Sindingapitirire osanena kuti nzeru yomweyi inaoloka nyanja m'masiku a Harry Johnston, pamene atsamunda anaika msonkho wa nyumba kuno kwathu, makolo athu namapita kuminda ya azungu kukaufuna. Wowerenga mazenera ku London ndi wowerenga madenga ku Zomba anali ana a bambo mmodzi.

Msonkho wa chidindo, stamp duty uja, umene unabadwa mu 1694, ndiwo unapirira kuposa abale ake onse. Poyamba unali wa pa pepala lenilenilo: kalata ya pangano yopanda chidindo cha mfumu sinali kumveka m'bwalo la milandu, ndipo wogula nyumba anaupereka yekha mosakokedwa, poopa kuti tsiku la mlandu angaime chimanjamanja. Pamene anauyesa kwa anthu a ku America mu 1765 unautsa mkwiyo umene unathandiza kugwetsa ulamuliro wa Britain kumeneko, koma kwao unakhazikika, ndipo mu 1808 unayamba kutsata mtengo wa malo ogulidwawo. Chidindo chenichenicho chinaleka kugwira ntchito pa nyumba mu 2003. Dzina lokha ndilo linatsala.

Zaka za posachedwa ndizo zatembenukira kwa mlendo. Mu 2016 wogula nyumba ali nayo kale ina, ngakhale inayo ili kunja kwa dzikolo, anayamba kuonjezera 3 pa 100 iliyonse, ndipo mu 2024 boma linaikweza kufika 5. Choncho kanyumba kamene munthu anamanga ku Area 25 kangathe kumtsata mpaka ku Leeds. Kuyambira Epulo 2021 wosakhala m'dzikomo amaonjezeranso 2 pa 100. Walira mvula walira matope: akalandira makiyi, chaka ndi chaka khonsolo imamtumizira kalata ya council tax, msonkho umene unayamba mu 1993, ndipo nyumba yake, ngakhale itamangidwa dzulo, amaiyesa pa mtengo umene ikadagulidwa nao mu Epulo 1991.