Kachipangizo Kolira Ndege Ikagwa: Kuchokera ku Canada 1982 Mpaka ku Chikangawa 2024

Anzanga, nonse mukukumbukira Lolemba la pa 10 June 2024. Fodya anali pa msika ku Chinkhoma, kunja kukuzizira, ndipo pofika madzulo aliyense maso anali pa foni. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 yomwe inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 inanyamuka ku Lilongwe m'mawa kulowera ku Mzuzu, koma sinatere. Inapezeka tsiku lotsatira ku Nthungwa m'nkhalango ya Chikangawa, komwe ife timadutsa pa M1 tikapitirira Jenda. Funso lomwe linali pakamwa pa aliyense usiku umenewo: ndege yonseyo ingasowe bwanji masiku ano?

Kuti tiyankhe, tibwerere m'mbuyo. Ndege zimayenera kukhala ndi kachipangizo kotchedwa ELT. Ndege ikamenyetseka pansi, iko kamayamba kokha kutumiza chizindikiro cha wailesi. Poyamba chizindikirocho chinkamveka pokhapokha ndege ina itadutsa pafupi. Mu 1979, America, Canada, France ndi Soviet Union anagwirizana zoika zomvetsera pa masetilaiti, pulogalamu yotchedwa Cospas-Sarsat. Tangoganizani, America ndi Soviet Union nthawi imeneyo anali pachidani choopsezana ndi mabomba, koma pa izi zokha anamvana. Setilaiti yoyamba inaponyedwa mu June 1982, ndipo mu September chaka chomwecho inathandiza kupeza anthu atatu omwe kandege kawo kanagwa m'mapiri a British Columbia ku Canada. Setilaitiyo inali ya Soviet, opulumutsidwawo anali ku Canada. Kufika pano anthu oposa 50,000 apulumutsidwa motere.

Nanga setilaiti imadziwa bwanji malo? Mukaima pa msewu basi ikudutsa ikuliza hutala, phokoso limakwera ikamabwera, n'kutsika ikapitirira. Setilaiti nayo ikamadutsa pamwamba pa ELT imamva kusintha kotero, ndipo makompyuta apansi amawerengera pomwe chizindikiro chikuchokera. Ma ELT akale, a 121.5 MHz, ankalozera dera lotalika makilomita pafupifupi 20, komanso sankanena kuti ndi ndege iti. Ambiri ankangolira mwangozi. Atsopano, a 406 MHz, amatumiza nambala ya ndegeyo, ndipo akakhala ndi GPS amalozera pamalo pa mamita pafupifupi 100. N'chifukwa chake pa 1 February 2009 masetilaiti analeka kumvetsera akale aja.

Apa ndiye pamene nkhani yathu imawawa. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, omwe anafufuza ngozi ya ku Chikangawa, anapeza kuti ELT ya mu ndegeyo inali ya mtundu wakale uja, ndipo batire yake inatha ntchito mu 2004. Zaka 20! Ena a ife m'gulu muno tinali tisanabadwe. Ngakhale batireyo ikanakhala yatsopano, setilaiti sikanamva kanthu. Ofunafuna anadalira nsanja ya netiweki yomwe inagwira mafoni a m'ndegemo komaliza, n'kuyamba kupyola m'mitengo ya paini pa dera la makilomita 10, chifunga chili tolo.

Tinene chilungamo: boma linalengeza kuti onse anafera pomwepo ndegeyo itagwa, choncho ELT yabwino sikanabweza moyo wa munthu. Koma ikanafupikitsa maola aja omwe mabanja anadikira osadziwa kanthu, maola omwe pa WhatsApp mphekesera zinkabadwa ngati bowa, ena akuti yatera kwina, ena akuti onse ali moyo. Zina mwa mphekeserazo mpaka lero zikadali m'mitu ya anthu, ndipo pa Facebook zimadzukanso June aliyense.