Mbiri ya Mowa wa Uchi ndi Zipatso

Munthu akatchula mowa ku Lizulu, kwa Inkosi ya Makosi Gomani, onse aganiza za masese, mowa wa chimanga ndi mawere umene amwera m'chipanda pa ukwati, pa maliro ndi pa dima. Umenewo ndiwo mowa wa Angoni, ndipo palibe wotsutsa. Koma ulipo mowa wina wosamveka kwambiri kuno, umene uli pakati pa zakumwa zakale kopambana pa dziko lonse lapansi. Mowa wake sulira chimera, sulira nkhuni zambiri, ndipo sukhudza nkhokwe. Ulira uchi, madzi ndi zipatso basi.

Umboni wakale koposa wa mowa wotere unapezeka kutali, pa mudzi wa Jiahu m'dziko la China. Kumeneko anthu ofukula zakale anapeza mapale a mbiya za zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Atapima zimene zinakanirira m'mapalemo, analengeza m'chaka cha 2004 kuti eni mbiyazo ankafulula chakumwa cha mpunga, uchi ndi zipatso.

Mu Africa muno mowa wa uchi uli ndi maina ambiri. Ku Ethiopia autcha tej, ndipo athiramo timitengo ta chitsamba cha gesho kuti uwawe pang'ono. Kalelo unali chakumwa cha mafumu ndi nduna zawo. Axhosa a ku South Africa autcha iqhilika, ku Tanzania ati wanzuki, ndipo kumpoto cha kumadzulo kwa Zambia ati mbote. David Livingstone anafika ku dera limeneli la Zambia m'chaka cha 1854, naona ming'oma ya makungwa itapachikidwa m'mitengo ya m'nkhalango. Atadwala malungo, mfumu Shinte ya Alunda inamlangiza kuti amwe mowa wa uchi wambiri kuti matendawo athawe. Livingstone anaganiza kuti mfumuyo inkakonda mankhwala amenewa ngakhale pa masiku amene sinali kudwala konse. Malungo sathawa mowa, koma nkhaniyi isonyeza ulemu umene chakumwachi chinali nawo.

Tsono uchi usanduka bwanji mowa? Uchi wokhwima ukhala zaka osasasa, chifukwa madzi ake ndi ochepa, osafika magawo 20 pa 100. Tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti, timene tiwiritsa mowa uliwonse, sitingathe kugwira ntchito mouma chotero. Koma munthu akasungunula muyeso umodzi wa uchi m'miyeso itatu kapena inayi ya madzi oyera, tizilomboto tidzuka, tidya kutsekemera kwa uchi, ndi kutulutsa mowa ndi mpweya. Apa ndi pamene zipatso zithandiza. Pa khungu la chipatso chakupsa pakhala yisiti wachilengedwe, ndipo m'kati mwake muli zakudya zimene yisiti asowa mu uchi wokha. N'chifukwa chake mtsuko wothiramo zipatso uwira msanga kuposa wa uchi wokhawokha. Wofulula wanzeru avundikira mtsuko ndi nsalu yoyera poyamba, osaumata ndithu, pakuti mpweya ukasowa potulukira uphulitsa chiwiya. Thovu likaleka, asefa ndi kutsekera m'chiwiya china, chifukwa mowa wosiyidwa poyera usasa nukhala viniga.

Zonse zofunika pa ntchitoyi dziko la Ntcheu linali nazo. Angoni a Maseko atakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870, kutsidya kwa malire a lero m'dziko la Mozambique, mapiri ozungulira anali ndi nkhalango za mombo, tsamba ndi msuku. Wofula uchi ankatsata mbalame ya nsadzu kufikira pa mphako ya njuchi, nafukiza utsi, natenga zisa, nasiyirako mbalameyo gawo lake. Uchi wambiri wa m'nkhalango zotere upezeka mvula ili pafupi kuyamba, ndipo masuku apsanso nthawi yomweyo, cha mu Novembala ndi Disembala. Imeneyi ndiyo miyezi imene nkhokwe iyamba kutsika, pamene mayi wosamala awerenga kawiri asanaviike chimanga cha chimera.

Nanga bwanji masese ndiwo anapambana? Chifukwa chake ndi kuchuluka kwa akumwa. Mowa wa Angoni unali wa khamu: wa ankhondo, wa olima dima, wa obwera kudzalonjera mfumu. Mawere ndi chimanga munthu akhoza kulima monga afunira, koma uchi ubwera monga njuchi zifunira, mtsuko umodzi kapena iwiri pa nyengo. Uchi wochepawo unkadyedwa wokha kapena kusungidwa ngati mankhwala a chifuwa ndi zilonda.

Ulamuliro wa Azungu utafika, zinthu zinasintha mofulumira. Asilikali a Boma la Britain anapha Inkosi Gomani woyamba m'chaka cha 1896. M'chaka cha 1902 amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Mlanda, pafupi ndi Lizulu, ndipo Akhristu a mpingo umenewu analetsedwa mowa, natsala ndi thobwa. M'nthawi ya Azungu yomweyo mapichesi anafalikira ku mapiri ozizira a Ntcheu ndi Dedza. Mtengo wa pichesi kwawo kwenikweni ndi ku China komwe kuja kunapezeka mapale.

Koma chimene chinalanda malo a uchi ndi shuga. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo inayamba ntchito mu 1966, ya ku Dwangwa mu 1979, ndipo kutsekemera kumene kale kunkafuna kukwera mtengo ndi kulumidwa ndi njuchi kunayamba kugulidwa m'sitolo. Shuga ameneyu anathandiza kwambiri kachasu, amene dzina lake linachokera ku chinenero cha Apwitikizi. Kachasu ndi chinthu china ndithu. Mowa wa uchi ungowira wokha mumtsuko, ndipo mphamvu yake ili ndi malire, pakuti yisiti aleka ntchito mowa ukakula. Kachasu atcheza pa moto, nthunzi yake nidutsa mumpope, kotero kuti ukali wake uposa wa masese kangapo. Gaga, shuga ndi zipatso monga masau a ku chigwa cha Shire ndi Zambezi zinalowa m'mbiya za kachasu, ndipo mabanja ambiri alira nazo.

Lero pa msika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, pali mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi zipatso za nyengo yake zosawerengeka. Chimene chachepa ndi nkhalango. Minda ndi makala zadya mitengo imene njuchi zinkatengako maluwa, ndipo ngakhale nkhalango zotetezedwa za Dzonzi ndi Mvai zaonongeka ndi nkhwangwa. Mng'oma wa makungwa nawonso unkapha mtengo umene unasendedwa. Alimi a njuchi a masiku ano apanga ming'oma ya matabwa, yokhala ndi timitengo toyala pamwamba, timene njuchi zimangapo zisa. Pofula, mlimi atukula kamtengo kamodzikamodzi, natenga zisa za uchi wokhwima, nabwezera za ana m'malo mwake.