Nyambo ya timanyezi ndi mmene salmon inalowera mu Lake Michigan

Lero ndalemba zambiri, ndiye amene muli pa ntchito sungani muwerenge madzulo.

Mwezi wa Ogasiti, kuno mwera ukamayamba kufooka, ku America kumakhala kumapeto kwa nyengo yotentha. Ndiyo nthawi imene madoko a Ludington, Manistee ndi Frankfort pa Lake Michigan amadzaza ndi maboti. Nyanjayi ndi ya madzi opanda mchere ngati yathu. Kukula kwake ndi pafupifupi kawiri nyanja ya Malawi, koma kuya siifika ngakhale theka la yathu. Anthu amanyamuka kusanache kukawedza salmon, ndipo sakhala malo amodzi. Boti imayenda pang'onopang'ono, makilomita atatu kapena asanu pa ola, ikukoka zingwe kumbuyo. Amene munaonapo munthu akupalasa bwato uku chingwe cha ncheni chikumutsatira, nzeru yake ndi yomweyo, kungoti iwo zipangizo n'zochuluka.

Nyengo imeneyi madzi a pamwamba amakhala atafunda, pamene salmon imafuna ozizira a madigiri 10 mpaka 12. Ndiye imatsikira pansi, nthawi zina mamita 20 kapena 30. Kuti nyambo ifike kumeneko amagwiritsa ntchito chida chotchedwa downrigger: mpira wa mtovu wolemera makilo asanu kapena kuposa, womangidwa ku waya, umene umatsika ndi chingwe cha mbedza. Nsomba ikaluma, chingwe chimamasuka pa kopanira, munthu n'kutsala akulimbana ndi nsomba yokha. Kumapeto kwa chingwe amaika kachitsulo konyezimira kooneka ngati sipuni, kapena chimene amachitcha fly. Dzinalo musalitengere kuti ndi ntchentche. Ndi kamtolo ka timanyezi tapulasitiki, kutalika ngati chala, kobisa mbedza m'kati. Patsogolo pake pamakhala flasher, kathabwa kapulasitiki kozungulira m'madzi, kamene kamagwedeza nyamboyo uku ndi uku ngati kansomba kothawa.

Kansomba kamene nyambo zonsezi zimayerekeza dzina lake ndi alewife. Chimene chinandichititsa kulemba n'chakuti alewife kwawo ndi nyanja yamchere ya Atlantic, salmon imene ikuwedzedwayo kwawo ndi Pacific, ndipo zonse ziwiri ndi alendo mu Lake Michigan. Eni nyanja anali ena.

Kale mfumu ya nyanjayi inali lake trout, ndipo mabanja a asodzi a matchera ankadalira iyo pamodzi ndi whitefish. Mathithi a Niagara ankatchinga zamoyo za kumunsi kuti zisakwere. Koma mu 1829 anthu anatsegula ngalande ya Welland kuti sitima zizilambalala mathithiwo, pambuyo pake n'kuikulitsa, ndipo njira ya sitima inasanduka njira ya zina. Choyamba kudutsa chinali sea lamprey, chinthu chonga mkunga, cha kamwa lozungulira lodzaza mano, chimene chimamatirira pa nsomba n'kumayamwa magazi ngati msundu. Mu Lake Michigan chinaoneka mu 1936. Lake trout inali itachepa kale chifukwa chophedwa mopyola muyezo, ndiye lamprey inangomalizitsa. Pofika m'ma 1950 usodzi wake unali utatheratu.

Alewife inaoneka mu 1949, n'kupeza kulibe woidya. Inaswana mpaka akatswiri ankayerekeza kuti pa makilo 10 aliwonse a nsomba za m'nyanjamo, pafupifupi 9 anali alewife. Enafe tinganene kuti amenewo ndi madalitso, tangoganizani usipa wotere. Koma anthu a kumeneko sadya alewife, ndi ya minga yambiri, ankangoigayira zakudya za ziweto. Komanso imafa yokha yambirimbiri madzi akasintha mwadzidzidzi. Mu 1967 zakufa zinaunjikana m'magombe a Chicago ndi m'matauni ena, fungo osanena, mpaka anabweretsa mathirakitala kudzakankha ndi kukwirira.

Nthawi imeneyo lamprey anali atayamba kuigonjetsa. Atayesa mankhwala pafupifupi 6,000, anapeza amodzi otchedwa TFM amene amapha ana a lamprey m'mitsinje, ndipo anayamba kuwathira mu 1958. Apa m'pamene Howard Tanner akulowera m'nkhani. Mu 1964 anabwera kuchokera ku Colorado kudzakhala mkulu wa za nsomba m'boma la Michigan. Ena ankaona nyanja yowola, iye anaona chakudya chambiri chosowa wodya. Anapempha mazira a coho salmon ku Oregon, anawaswetsa, ndipo pa 2 Epulo 1966 ana oyamba anatayidwa mu mtsinje wa Platte. Chaka chotsatira, Wayne Tody, amene analowa m'malo mwake, anawonjezera chinook, imene amaitcha king chifukwa cha kukula. Kale m'ma 1870 ena anayesapo kuika chinook m'nyanja zimenezi koma sizinatheke. Ulendo uno chakudya chinalipo.

Salmon ikakhwima imabwerera ku mtsinje umene inachokera, imaswa, kenako imafa. N'chifukwa chake kumapeto kwa nyengo yotentha n'kofunika: nsomba zazikulu zimasonkhana pafupi ndi pamene mitsinje imathirira, kudikira kukwera. Mu 1967 ma coho a Tanner anabwerera atanenepa, ndipo anthu anachita misala. Anabwera ndi timaboti ta m'madamu, ena asanaonepo mafunde a nyanja yaikulu. Pa 23 Seputembala chimphepo chinawapeza pafupi ndi Platte Bay. Maboti oposa 100 anamira kapena kuponyedwa kumtunda, anthu 7 anafa. Aliyense amene anakulira m'mbali mwa madzi akudziwa kuti nsomba zikachuluka anthu amasiya kuyang'ana kumwamba.

Zipangizo zija ndafotokozazi zinakula m'zaka zimenezi. Anthu a Michigan sankadziwa kuwedza nsomba yothamanga m'madzi akuya, choncho anabwereka nzeru za ku gombe la Pacific n'kuzisintha. Mafakitale a maboti, a zingwe ndi a nyambo anatsegulidwa, mahotela anadzaza, matauni amene ankanunkha alewife anayamba kuona ndalama.

Pali gawo lina limene okonda kuwedza sakonda kulitchula, koma ine, mwana wa munthu wa chilimira, silindichoka m'mutu. Cholinga cha Tanner sichinali chobisika: nyanja ikhale ya owedza mongosangalala, chifukwa munthu wochokera mumzinda amene wagula mafuta, chiphaso ndi malo ogona amasiya ndalama zambiri pa nsomba imodzi kuposa msodzi woigulitsa pa kilo. Masamuwo ndi oona. Koma kuyambira 1968 boma linayamba kuchepetsa ziphaso za asodzi amalonda, ndipo m'ma 1970 matchera analetsedwa m'madera ambiri. Mabanja amene anakhala pamadzi mibadwomibadwo anakokera maboti kumtunda. Kwa ine kusintha kwakukulu kunali kumeneku, kuposa kwa mtundu wa nsomba.

Amene anakana kuchoka anali eni dziko, a Ojibwe ndi a Odawa. Makolo awo popereka malo ku boma la America m'pangano la 1836 sanapereke ufulu wawo wopha nsomba. Mu 1971 Albert LeBlanc wa ku Bay Mills anatchera dala matchera mu Lake Superior kuti amugwire, nkhani ipite kukhoti. Mu 1979 woweruza Noel Fox anagamula kuti ufulu wa m'panganolo udakalipo ndipo boma la Michigan silingaufafanize. Zaka zimenezo kunali chidani choopsa m'madoko, maukonde kudulidwa, anthu kuopsezana. Mu 1985 m'pamene anagwirizana zogawana madera a nyanja.

Nayo salmon siinakhale pa mtendere. Mu 1969 akuluakulu a boma analanda coho imene inali pa malonda chifukwa inapezeka ndi DDT wambiri, ndipo chaka chomwecho Michigan inakhala yoyamba m'maboma a America kuletsa mankhwalawo. Kumapeto kwa m'ma 1980 alewife itachepa, ma chinook anjala anagwidwa ndi matenda a impso n'kumafa ambiri. Kenako kunabwera mlendo wina. Mu 1988 mu Lake St. Clair munapezeka tinkhono ta zigoba ziwiri totchedwa zebra mussel, tobwera m'madzi amene sitima za ku Ulaya zimanyamula pansi kuti zisapendame. Mnzake quagga anatsatira n'kuphimba pansi pa nyanja. Tinkhonoti timasefa madzi, kudya tizamoyo tosaoneka ndi maso timene ndi chiyambi cha chakudya cha alewife. Madzi anayera mbee, okongola pa chithunzi, koma a njala. Mu Lake Huron, imene ili yolumikizana ndi Michigan, alewife inagwa mu 2003 ndi 2004, chinook n'kutsatira, ndipo eni maboti obwereketsa ambiri anatseka kapena kusamuka.

A ku Lake Michigan ataona zimenezo anachita mantha. Mu 2013 anadula ndi theka chiwerengero cha ana a chinook otayidwa m'nyanja. Vuto lina n'lakuti chinook inazolowera, tsopano yambiri imaswana yokha m'mitsinje ngati Pere Marquette, ndiye boma silingathenso kuilamulira ngati mpopi. Taonani mmene zinatembenukira: nsomba inabweretsedwa kudzatha alewife, lero akatswiri amakoka makoka chaka ndi chaka kuwerenga alewife, kuopa kuti ingathe.

Mwina wina afunsa kuti ife zikutikhudza bwanji. Tili ndi mpasa, imene azungu anaitcha lake salmon poona kuti imakwera mitsinje ngati Bua kukaswa, ngakhale pa chibale ili pafupi ndi sanjika ndi usipa, osati salmon. Koma chimene chimandigwira kwambiri ndi zaka. Mu 1967 ndi 1968, pamene Michigan inkachita misala ndi coho, kapenta ankatengedwa ku Lake Tanganyika kukaikidwa ku Kariba, ndipo anakhazikika. Chakumayambiriro kwa m'ma 1980 panabuka maganizo oti kapenta yemweyo aikidwenso m'nyanja ya Malawi. Akatswiri ena anakana kwamtuwagalu, poopa zimene zingachitikire usipa, utaka ndi nsomba zathu mazanamazana zosapezeka kwina kulikonse, ndipo sizinachitike. Ine ndimaona kuti anachita bwino. Tanner anaika mlendo m'nyanja imene inali itawonongeka kale ndi alendo ena, pamene yathu inali idakali ndi eni ake. Ndipo ncheni, kampango ndi mpasa zimadalira tinsomba tating'ono monga momwe king imadalirira alewife. Mukamva usiku nyali za kauni zachuluka koma mabigiri a usipa akuchepa, nkhani yake siithera pa usipa.

Ku Ludington maboti akunyamukabe kusanache. Madzi atayera, ambiri anayamba kutaya nyambo kutali ndi boti pa zingwe zazitali za kopa, popeza nsomba imaona boti msanga n'kuthawa. Cha mu Seputembala king ikayandikira mtsinje imasiya kudya, thupi limada, ndipo imaluma chifukwa cha ukali basi, ndiye ena amachotsa timanyezi n'kuika nyambo zonenepa zovina kwambiri zotchedwa J-plug. Pa 7 Ogasiti 2021, kunja kwa doko lomwelo, mnyamata wa zaka 19 anakoka chinook ya makilo pafupifupi 22, yaikulu kuposa zonse zolembedwa m'boma la Michigan, kuposa ya mu 1978. Inaluma kasipuni kachitsulo kooneka ngati alewife.