Nkhuku zachikuda ndi chitopa ku Mchinji

M'midzi ya ku Mchinji, boma lochita malire ndi Zambia, nkhuku yachikuda ndi chuma chapafupi. Imagulitsidwa pakafunika ndalama ya feteleza, yunifomu kapena mankhwala, ndipo imaphedwa kukabwera mlendo. Imadzisakira yokha chakudya pabwalo, eni ake n'kumangoonjezera madeya. Thadzi limafungatira mazira masiku 21, ndipo anapiye akaswedwa, ana ndiwo amapirikitsa mphamba.

Mdani wamkulu ndi chitopa, chomwe chimakula m'nyengo yotentha ndipo chimatha kupulula khola lonse m'masiku ochepa. Matendawa alibe mankhwala, koma amapeweka ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Nkhuku iliyonse imalandira dontho limodzi m'diso pa miyezi inayi iliyonse. Yogulidwa pamsika iyenera kupatulidwa kaye isanasakanizidwe ndi zinzake.